Makina Akana

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za moyo wanga, ndiye ndalemba. Za ubwana ndazidumpha dala, chifukwa palibe chimene ndinachitako kupatula kuthamangitsana ndi mbuzi ndi kukanda mphere. Ndiyambira pamene ndinayamba kudzuka m'mawa n'kuvala nsapato.

1968

Ndinalembedwa ntchito pa shopu ya matabwa ya a Khomba, kufupi ndi msewu wopita ku Nguludi. Musaganize kuti ndinali kalipentala. Manja angawa sanakhomepo msomali osaupinda, ndipo a Khomba anaziona tsiku loyamba lomwelo. Anandipatsa pulena kuti ndisalaze thabwa, pobwerako anapeza thabwa lija lakumbika pakati ngati mbale. Anangopukusa mutu n'kundifunsa ngati ndimatha kulemba. Ndinati Sitandade 8 ndinakhoza, ndipo taipi ndinaigwirako pang'ono. Basi ukalaliki wanga unayambira pomwepo, pa katebulo ka miyendo itatu, wachinayi njerwa, pakona ya shopu imene inkapangira anthu ena matebulo okongola.

Pa shopu yathu sitinkakhoma katundu woti azikhala pakhonde kudikira wogula. Munthu ankabwera ndi zofuna zake. Uyu akufuna bedi lalitali chifukwa amuna ake miyendo imatulukira kunja, uyu kabati yoti ikwane pakati pa zenera ndi chitseko, uyu mabenchi a tchalitchi, winanso bokosi la zovala la mwana wopita ku sekondale. Ntchito yanga inali kulemba miyeso ndi mtundu wa matabwa, kuuza akalipentala choyambira ndi chotsatira, ndi kumuuza mwini oda tsiku lodzatenga katundu wake. Tinkati kusunga mzere. Woyamba kubwera ayambe kupangiridwa, wachiwiri atsatire. Pakamwa n'zosavuta, koma mzere umenewu ndi umene unandimeretsa imvi anzanga akadali ndi tsitsi lakuda.

A Khomba anali mmisiri weniweni, ndipo mtima wawo unali wabwino, koma kukana munthu wamkulu sankatha. Kukabwera wa tayi, kapena wa imvi, kapena wachibale wa akazi awo, ankamulandira ndi manja awiri, n'kutembenukira kwa ine: "Muhiwa, awa uwaone bwino." Mawu amenewa ankatanthauza kuti oda ya mkuluyo ikwere pamwamba, ena onse atsetserekere pansi. Akatero iwo ankalowa mkati kukasema miyendo ya mipando, kundisiya ine pakhomo kuti ndikumane ndi mayi amene wayenda wapansi kuchokera kutali, nkhata ili m'manja, ndi achibale oti amuthandize kusenza. Ndinkamuuza kuti abwerenso sabata yamawa. Sabata yamawa ikafika ndinkanenanso chimodzimodzi. Anthu anafika pondipatsa dzina loti a Sabatayamawa, moti ana a sukulu ankandiitana choncho pamsewu. Ndinkaseka nawo, koma kunena zoona dzinalo linkandiwawa koopsa.

1972

Chaka chimenechi ndinakwatira mayi anu n'kukakhala kwawo pa chikamwini. Mwini mbumba anali malume awo, a Mulipa. Akuluakulu inu mukuwakumbuka: aafupi, a chipewa choyera, olankhula ngati ali pamsonkhano ngakhale akungopempha madzi akumwa. Anali ndi chigayo, anali ndi udindo m'chipani, ndipo pamudzi panalibe nkhuku imene inkaphedwa iwo osamva. Sindikufuna muwatenge ngati munthu woipa. Ndi iwo amene anathamangira nawo mayi anu ku chipatala pa lole yawo pamene mimba yoyamba inavuta. Ndi iwonso amene anatigawira dimba la kumtsinje, malo a chinyontho chaka chonse. Anayenda nane, akuponda malire ndi phazi, n'kunena kuti mkamwini wa manja awiri asamagule masamba pamsika. Dimba limenelo ndi limene linakulerani: mpiru, tomato, chimanga chachiwisi anzanu akuchiona kumaloto. Koma ndinkadziwa kuyambira tsiku lomwelo kuti silinali langa kapena la mayi anu. Linali la mbumba, ndipo wolankhulira mbumba anali a Mulipa.

1976

A Khomba anatsegula kashopu kena ku Boma n'kunditumiza kuti ndikakayang'anire, pamodzi ndi akalipentala awiri. Ndinkapalasa njinga Lolemba m'mawa n'kubwerako Lachisanu, kugona kwake m'kachipinda ka kuseri limodzi ndi matabwa. Ndinapita mokondwa, poganiza kuti kumeneko bwana kulibe, mzere ndiuyendetsa mmene ndikufunira. Kalanga ine! Ku Boma aliyense ndi wamkulu. Wa ofesi iyi akuti ndiyambe ndine, wa ofesi iyo akuti kodi ukudziwa kuti ndine yani, ndipo ndinadzidzimuka kumva pakamwa panga pakutuluka mawu a a Khomba omwe aja, ndikuuza akalipentala kuti awa muwaone bwino. Tinkayamba mpando, usanathe kwabwera wamkulu woposa mwini mpandowo, tausiya, tayamba kabati. Kashopu kanadzaza ndi mipando yopanda misana ndi makabati opanda zitseko, moti posowa pokhala tinkakhalira katundu wa anthu yemweyo. Patapita zaka ziwiri a Khomba anakatseka, ine n'kubwerera pa katebulo kanga ka njerwa ndili ndi manyazi.

1979 mpaka 1988

Nkhondo itakula ku Mozambique, katundu anayamba kusowa. Guluu kunalibe, vanishi kunalibe, mahinjesi ukawapeza ku Limbe unkachita kuwabisa m'malaya kuti anzako a mashopu ena asakufunse kumene wawatenga. Tinafika powongola misomali yakale pa chidutswa cha njanji, ntchito yokhayo ya hamala imene anandilola kuigwira. Chovuta kwambiri chinali mlombwa. Paini ndi bulugamu zinkapezeka, koma munthu wofuna chitseko choti chiswe chisachigwire ankafuna mlombwa, ndipo ocheka matabwa ankaubweretsa mwa apo ndi apo, matabwa ochepa, enanso aawisi oti ayambe auma. Ndiye kudumpha mzere sikunalinso kungomulanda mnzako tsiku. Kunali kumulanda matabwa ake enieniwo, iye n'kumadikira mpaka ocheka adzabwerenso.

Ndinayesa nzeru zanga zonse. Ndinalemba mzere ndi choko pakhoma kuti aliyense aziuona. A Khomba anaufufuta ndi nsanza atangoona galimoto ya mkulu wina ikuima. Ndinayamba kulemba maina a eni ake pa matabwa. A Khomba ankangowatembenuza, dzina liyang'ane pansi. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinawatsatira kuseri kumene ankanola macheka, ndinawauza kuti ndatopa kunama m'malo mwawo, ndipo ngati mzere sakuufuna andiuze ndikagwire khasu. Sanakalipe. Anapitiriza kunola, kenako anati: "Muhiwa, munthu wamkulu sakanidwa pamaso. Ukamukana lero, mawa kwako kukagwa zovuta, manda akumba ndani?" Nanenso ndinaleredwa choncho. Mawu oti iyayi kwa munthu wamkulu anali asanatulukepo pakamwa panga chibadwire. Ndinabwerera pa katebulo kanga, koma mumtima ndinalumbira kuti ndisanapume pantchito ndidzauona mzere umenewu ukuyenda wowongoka, kaya ndi njira yanji.

1990

A Khomba anatisiya, shopu n'kutsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi, Rozina. Iyeyu ndinamuona akukwawa m'utuchi, koma tsopano anali mayi wa ntchito yake pa ofesi ina ku Blantyre, ndipo kwathu ankabwera Loweruka lokha. Sanatengere bambo ake. Sankakonda kuzungulira, akafunsa funso ankakuyang'ana mpaka uyankhe. Anapeza shopu ikufa. Aphunzitsi ndi anamwino, amene anali makasitomala athu enieni, anali atayamba kukwera basi kukapangitsa katundu ku Limbe. Sikuti akumeneko ankapanga bwino kutiposa, koma akati Lachisanu linkakhala Lachisanu. Rozina anandifunsa chimene chikutipha, ine sindinabise ngakhale nkhaniyo inkakhudza malemu. Iye anati mankhwala ake awaganizira.

Loweruka lina anabwera ndi makatoni atatu. Munali kompyuta yakale imene ku ofesi kwawo anaisiya atagula zatsopano, ndi pulinta yaphokoso ngati kachigayo. Mnzake wina wa kuntchito anali atamulembera pulogalamu yoyendetsera shopu ngati yathu. Akalipentala anaunjikana, a Jailosi, amene anali mkulu wawo, n'kufunsa kuti kanema wopanda anthuyu tiziwonerapo chiyani. Ntchito yake inali iyi. Munthu akabwera ndi oda, ndinkalembamo dzina lake, chimene akufuna, miyeso ndi mtundu wa matabwa. Makinawo ankawerengera okha matabwa ofunika, kuwachotsa pa amene tinali nawo, n'kumusungira munthuyo. Ankaonanso kalipentala amene amasuke msanga, n'kutulutsa nambala ya pamzere ndi tsiku lodzatenga. Pulinta inkalira, kutulutsa kapepala koti mwini oda apite nako. Lolemba lililonse inkatulutsa mzere wonse, ife n'kuukhoma pachitseko. Chololedwa kudumpha chinali chimodzi chokha, bokosi la maliro, ndipo matabwa ake a paini ankakhala padera. Chimenecho ndinachita kumuumiriza Rozina kuti mnzakeyo aikemo, chifukwa makina oti azidikiritsa maliro anthu akanawaponya m'chimbudzi.

Kuphunzira kwake sikunali masewera. Zaka makumi anayi ndinali nditazipitirira, maso atayamba kale kuvuta, ndipo zilembo zobiriwirazo zinkandivinira pagalasi. Ndinalembapo kabati yotalika kuposa denga la tchalitchi chifukwa chosokoneza mainchesi ndi mafiti, makina osadabwa n'komwe, anangondiuza kuti matabwa onse a m'shopu sakwanira. A Jailosi anaseka mpaka kukhala pansi m'utuchi. Rozina anati ngati zikundivuta abweretsa mtsikana wodziwa kale wa ku Blantyre. Ha! Ine zaka zonsezi ndikulirira mzere, lero wabwera m'makatoni, ndiusiyire wina? Ndinkadya nkhomaliro nditakhala pamakina pomwepo, chinangwa m'dzanja ili, dzanja linalo likufufuza zilembo. Loweruka ndinkamudikira Rozina ndi mafunso odzaza mutu, mpaka basi yake yomaliza kutsala pang'ono kumusiya. Mvula isanagwe ndinali nditawagonjetsa makina aja.

Panatsala chinthu chimodzi. Kuti munthu asunthe oda pamzere, kuikweza kapena kuitsitsa, makina ankafuna mawu achinsinsi. Rozina anatenga pensulo kuti andilembere, ine ndinamugwira dzanja.

"Mayi, musandiuze. Pitani nawo ku Blantyre."

Anandiyang'ana modabwa, kenako anamvetsa, anaseka n'kubweza pensulo m'chikwama.

Woyamba kuyesa anali mkulu wina wa ku Boma, wofuna mipando mwamsangamsanga chifukwa kwawo kukubwera alendo. Ndinamukhazika pansi, ndinamutembenuzira galasi kuti aone ndi maso ake, ndinayesa kukweza oda yake. Makina analira kuti pii, n'kukana. Ndinayesanso, pii. Ndinatambasula manja n'kunena kuti pepani bwana, makina akana. Ndinadikira chimphepo. Mkulu uja anavala magalasi, anawerama, anawerenga, n'kungoti zinthu za masiku ano n'zovuta, basi adikira. Anatuluka osapsa mtima, ndipo ndinadzamva kuti ku Boma ankachita kunyadira kuti mipando yake ikupangidwa ndi kompyuta. Apo m'pamene ndinazindikira kuti akuluakulu aja kudikira sikunkawavuta kwenikweni. Chimene sankafuna ndi kukanidwa ndi munthu wamng'ono anthu akuona. Makina alibe msinkhu, alibe mtundu, sanakwatire pamudzi pa munthu, ndiye akakukana suchita nawo manyazi. Kwa zaka ziwiri mzere unayenda wowongoka. A Jailosi anasiya kuseka ataona kuti akayamba mpando akuumaliza, aphunzitsi anabwerera, ndipo ine ndinkadutsa pamsika osazemba munthu.

1992

Chaka chimenechi mvula inadula chimanga chikungoyamba kumasula. M'minda munalibe chokolola. Ife chimene chinatisunga ndi dimba lija. Mayi anu anakumba kachitsime pakona, anadzala chimanga, mbatata ndi mpiru, ndipo pamene anzathu ankadya kamodzi, inu munkadya kawiri. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti chaka chimenecho dimbalo silinali la ndiwo chabe, linali nkhokwe yathu.

Nyengo yozizira itayamba kunabwera mayi wina wa ku Likoswe, dzina lake Esinati, wamasiye woumba miphika. Anali ataumba njerwa yekha n'kumanga kanyumba, koma pakhomo ankatseka ndi chitseko cha bango. Chaka cha njala akuba amachuluka, ndipo anali atamulowera kale n'kumutengera ufa iye ali kumsika. Ankafuna chitseko cha mlombwa ndi felemu yake. Anandikumbutsa, osati mwaukali, kuti zaka za m'mbuyomo anabwererapo pa shopu pano maulendo osawerengeka chifukwa cha bedi, mpaka anangolisiya. Ndinamuuza kuti masiku amenewo anatha. Makina anamusungira mlombwa womaliza umene tinali nawo, anamupatsa tsiku lake mu Ogasiti, iye anamanga kapepala pa nsonga ya chitenje n'kumapita.

Sipanapite nthawi, magetsi anazima, ndipo pobwera anabwera ndi mphamvu yoopsa. Kuseri kwa kompyuta kunatuluka kautsi, fungo ngati la tsitsi lopsa, basi makina duu. Rozina anawatengera ku Blantyre, kumene anamuuza kuti chimene chapsa achita kuitanitsa kunja. Patebulo panga panangotsala malo oyera opanda fumbi. Mzere tinali nawo pa pepala la pachitseko, ndiye ntchito inapitirira, koma nkhani yoti makina afa inafika pamsika tsiku lomwelo.

A Mulipa sanachedwe. Mwana wawo wamkazi womaliza ankakwatiwa mu Seputembala, ukwati woyera, ndipo ankafuna tebulo lalikulu la mlombwa loti akwati adyerepo, kenako apite nalo kunyumba kwawo. Anali atabwerapo kale m'mbuyomo pa zinthu zina, makina n'kuwakana, iwo n'kuvomera ngati ena onse. Ulendo uno analowa akumwetulira, anavula chipewa, anayang'ana pamalo oyera paja, n'kukhala pa benchi. Akalipentala anasiya kukhoma. Ndinawalonjera nditanyonyomala monga mwa nthawi zonse. Atafotokoza za tebulo, ndinawauza kuti mlombwa umene ulipo uli ndi mwini wake, koma paini wabwino alipo, timupaka vanishi woderako, ndipo nthawi yawo pamzere ikwana ukwati usanafike. Anati mwana wa Mulipa sadyera pa paini ngati ali m'kanyumba ka tiyi. Ndinati ocheka matabwa abwera mvula ikayandikira. Anati ukwati sudikira ocheka matabwa. Kenako analoza patebulo panga ndi chipewa.

"Akamwini, wokana uja wamwalira. Pano tatsala anthu okhaokha, tikambirane ngati anthu."

Ndinaganiza za dimba, ndinaganiza za mayi anu, ndinaganizanso za mayi uja ndi chitseko chake cha bango. Ndinadziwa kuti ndikangovomera, mawa kubwera wina, mkucha wina, ndipo makina akadzabwerako adzapeza mzere utafa kalekale. Ndiye ndinayankha.

"Malume, iyayi. Matabwawo ndi a mayi Esinati."

A Mulipa anavala chipewa pang'onopang'ono, n'kutuluka osatsanzika. A Jailosi anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti ngati kwathu kukadali nyumba, ndiyambe kukonzako denga. Loweruka ndinamufotokozera Rozina. Anati za pashopu ali nane, koma za kumudzi ndikuzidziwa ndine, ndipo ngati ndikufuna kubweza mawu sandiimba mlandu. Ndinauza a Jailosi kuti chitseko ayambe Lolemba. Mayi Esinati anabwera pa tsiku lake lenilenilo ndi alongo ake, anapeza chitseko chili chiimire pakhonde, mahinjesi ndi loko zili pomwepo. Anachisisita, anachigogoda kuti amve kulira kwake, anathokoza n'kumapita. Zimene zinachitika chifukwa cha chitseko chakecho sanazidziwe, ndipo sindinamuuze.

Kunyumba kunali moto. Mayi anu anakhala masiku osandilankhula, ndipo pamene analankhula ndinalakalaka akanangokhala chete. Anandifunsa ngati mayi wa ku Likoswe adzatidyetsera ana. Anandifunsa ngati ndinakwatira iwo kapena kompyuta. Ndinayesa kufotokoza za mzere, anati mzere ndikauphike tione ngati ana akhuta. Achibale awo anasiya kutipatsa moni panjira. Tebulo a Mulipa anakapangitsa ku Limbe, ukwati unachitika, ife sanatiitane, nyimbo tinkangozimvera pakhonde. Mayi anu zinawapweteka kwambiri, chifukwa mkwatiyo anamubereka kumbuyo ali wakhanda. Ukwati utatha a Mulipa anatumiza uthenga woti mbumba ikumane pakhomo pawo, ndipo mkamwini asalephere.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masana, amayi pamphasa, amuna pa timipando. A Mulipa analankhula nthawi yaitali za mmene anandilandirira pamudzi ndili ndi kasutukesi kamodzi, za lole, za dimba. Zonse zinali zoona, ndipo ndinavomera chilichonse ndikuwomba m'manja. Ananena kuti za tebulo alibe nazonso ntchito. Chimene chinkawawawa n'choti pamsika anthu akunena kuti Mulipa anakanidwa ndi mkamwini wake pamaso pa akalipentala. Kenako anatsitsa mawu, ndipo ndinaona kuti akufuna kundipatsa pothawira.

"Ine ndikudziwa kuti simunakane ndinu. Pepala lija analemba ndi makina asanafe, inu munangowerenga. Nenani choncho pano anthu amve, nkhani ithe. Dimba muzilima."

Inali njira yabwino, yaulemu, ndipo anthu onse anapumira m'mwamba. Amayi aang'ono a mayi anu anayamba kale kukonza mpango kuti anyamuke. Nanenso ndinaona kukoma kwake. Zaka ziwiri ndinakhala ndikubisala kumbuyo kwa makina amenewo, kubisalakonso kamodzi kukanavuta chiyani? Koma tsiku lija makina kunalibe. Akalipentala anamva mawu anga, pamsika anawamva, ndipo ndikanawabweza aliyense akanadziwa kuti mzere wa pashopu umayendera magetsi, akazima nawonso wazima. Ndinali nditaulimbanira zaka zoposa makumi awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba unali m'manja mwangamu. Ndinayang'ana mayi anu. Anali atazolika, akuthothola udzu m'mbali mwa mphasa, ndipo sanadzutse maso.

Ndinatsika pa kampando, ndinanyonyomala, ndinawomba m'manja. Ndinapepesa chifukwa chowayankha pagulu pamene ndikanatha kuwatengera pambali, ndipo chimenecho ndinapepesa ndi mtima wonse. Kenako ndinati: "Koma malume, makina anali atafa. Ndinakana ndine. Mutabweranso mawa matabwa ali a wina, ndikananso."

A Mulipa sanakuwe. Anangotembenukira kwa mwana wina wa mlongo wawo n'kumuuza kuti kuyambira mawa dimba la kumtsinje ndi lake. Mayi anu anapatsidwa tsiku lomwelo kuti achotse zimene angathe. Chimanga chinali chisanakhwime.

Tinatsikira kumtsinje awiriwiri, iwo patsogolo ine pambuyo, osalankhulana. Anathyola mpiru wonse, anakumba mbatata ngakhale zing'onozing'ono ngati zala, anazula mbande za tomato ndi dothi lake. Chimanga anachiyang'ana nthawi yaitali, misozi ikutsika, osaipukuta. Ine ndinangoima ndi dengu m'manja, ndikudikira mawu oti ndilongedze ndizipita kwathu, ndipo akananena sindikanawatsutsa. Atamaliza anandisenzetsa dengu, iwo anatenga keni ndi khasu, n'kulankhula osandiyang'ana.

"Mukananama paja, ndikanakupeputsani mpaka imfa. Koma musayese ndakukhululukirani. Mbandezi ndikukadzala kuseri kwa nyumba, ndipo madzi ake mutunga ndinu."

Makina anabwerako mvula itayandikira, n'kupeza mzere uli mmene anausiyira. Dimba silinabwererenso, ndipo miyezi yotsala ya chaka chimenecho nanunso munadya kamodzi. Amene munali akuluakulu simunaiwale, ndipo inenso sindinaiwale. Kuseri kwa nyumba kunali dothi louma gwa, mjigo uli kutsidya kwa msewu. Kuyambira tsiku lotsatira mpaka mvula inagwa, m'mawa uliwonse ndisanapite ku shopu ndinkakaima pamjigo pakati pa amayi, bambo wa imvi ndi ndowa ziwiri, nsapato za kuntchito zili m'khosi. Ena ankaseka mobisa nkhope ndi chitenje. Ena ankandimvera chisoni n'kundiuza kuti bambo dutsani mutunge, mungachedwe kuntchito. Ndinkawathokoza, n'kuika ndowa zanga kumbuyo kwa ya amene ndamupeza.